Pagule Fumbi Ndiwe Mwini: Za Ufulu wa Munthu ndi Mlandu Wake

*Mawu olankhulidwa kwa alendo a mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete*

Yooo Gawa!

 

Chaka ndi chaka, Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, njira zonse za Achewa zimaloza kuno ku Mkaika. Mafumu amadza kudzalamba, ndiye kuti kudzapereka ulemu ndi mitulo kwa Kalonga, ndiponso kudzafotokoza m'mene anthu awo akhalira chaka chonse, kaya kuli dzinthu kaya njala, kaya mtendere kaya matenda. Palibe lamulo la boma lililonse mwa maiko atatuwa lokakamiza munthu kuwoloka malire ndi kudzakhala padzuwa pano. Aliyense wabwera mwa kufuna kwake.

Koma mawu akuti "mwa kufuna kwake" ndi olemera kuposa m'mene amamvekera, ndipo ndi amene tafuna kuti tisinkhesinkhe pamodzi lero. Kodi munthu amasankhadi njira yake? Kapena amangoyenda m'njira yomwe adamulambulira kale Chauta, makolo, magazi a kuchimake, umphawi ndi afiti? Funsoli si la anthu ophunzira okha ayi. Yankho lake ndilo limagamula mlandu pabwalo la mfumu. Ndilo limanena ngati mtsikana wa kwa Kawaza apite ku ukwati kapena ku sukulu, ndiponso ngati nkhalamba ya kwa Pembamoyo igone mwamtendere m'nyumba mwake kapena ithamangitsidwe usiku poiganizira ufiti.

Mfulu ndi kapolo

Tiyambe ndi mawu enieniwo. "Ufulu" ndi mkhalidwe wa "mfulu", ndipo makolo athu ankamudziwa mfulu pomusiyanitsa ndi kapolo. Iwo sadamve za ukapolo m'nthano chabe. Adaona abale awo akugwidwa pankhondo, ena akugulitsidwa kwa Achikunda a ku Zambezi ndi kwa amalonda ochokera kugombe la nyanja yamchere, enanso akuperekedwa ndi eni mbumba kuti alipire mlandu wa wachibale. Kapolo ankalima munda wosakhala wake, ankakwatira kapena kukwatiwa komwe mbuye wake wanena, ndipo ana ake sankakhala ake. Uwu ndi ufulu woyamba umene timaudziwa: ufulu wa thupi, woti munthu asakhale katundu wa mnzake.

Ufulu wachiwiri ndi wa dziko. Malawi adaulandira pa 6 Julayi 1964, Zambia pa 24 Okutobala 1964, ndipo Mozambique pa 25 Juni 1975 itatha nkhondo yaitali. Ufulu umenewu udathetsa ulamuliro wa atsamunda.

Wachitatu ndi wobisika, ndipo ndi umene wautsa mkangano pakati pa anthu anzeru kwa zaka zikwi: ufulu wa mumtima. Munthu akhoza kukhala wopanda goli m'khosi, m'dziko lodzilamulira, koma ali kapolo wa kachasu, wa mantha, wa nsanje kapena wa mawu a anthu. Pano chilankhulo chathu chili ndi nzeru yomwe sitiyenera kuipitirira. Mawu omwewo akuti "ufulu" amatanthauzanso kupatsa ndi kukoma mtima. Timati "wandichitira ufulu" ponena za munthu amene watithandiza popanda womutuma. Kwa Mchewa, tsono, mfulu weniweni amadziwika ndi zabwino zomwe amachita pamene akadatha kuzisiya. Kapolo amapereka chifukwa walamulidwa. Mfulu amapereka chifukwa wafuna.

Amene amati zonse zidakonzedwa kale

Tisawapeputse amene amakana kuti munthu ali ndi ufulu wosankha, pakuti mfundo zawo ndi zolimba. Iwo amati: ndani mwa ife adasankha bele lomwe adayamwa? Ndani adasankha kukhala Phiri, Banda, Mbewe kapena Mwale? Taonani boma la Vubwi, lomwe lachita malire ndi Malawi ndiponso Mozambique. Ana a mbumba imodzi, obadwa m'midzi yoti tambala akalira kuno uko amveka, amakula ndi malamulo osiyana, ndalama zosiyana ndi sukulu zosiyana, wina akuphunzira m'Chingerezi wina m'Chipwitikizi. Chifukwa chake n'chakuti mu 1891 Britain ndi Portugal adagwirizana za malire awo popanda kufunsa mfumu ya Chichewa ndi imodzi yomwe. Mwana wobadwa lero amalowa m'chigamulo chomwe chidapangidwa agogo a agogo ake ali moyo.

Amatinso: mlimi wa ku Sinda akhoza kugalauza munda nthawi yabwino, kudzala mbewu yabwino ndi kupalira kawiri, koma mvula siili m'manja mwake. Mu 2024 chilala chidawononga chimanga m'madera ambiri a Zambia mpaka boma lidalengeza kuti dziko lili pa tsoka, ndipo chidaumitsa munda wa wakhama pamodzi ndi wa mlesi.

Miyambi yathu nayo ili ndi mawu a mbali imeneyi. Timati "chakudza sichiimba ng'oma", ndiponso "tsoka silinunkha". Poona mwana wotengera khalidwe la kholo lake timati "make mbuu, mwana mbuu". Pamaliro timatonthozana kuti "linali tsiku lake" kapena "ndi kufuna kwa Mulungu". Ngakhale maina omwe timapatsa ana, monga Mavuto, Masautso ndi Mwayi, amasonyeza kuti timadziwa kuti munthu amapeza zambiri zitayalidwa kale asanabadwe.

Zonsezi n'zoona. Koma ngati zikadakhala zoona zokhazo, mwambo wathu wonse ukadakhala wopanda pake. Anamkungwi akadalekeratu kulanga anamwali, pakuti kulangiza munthu wosatha kusintha kuli ngati kulangiza mwala. Tiyeni tione kumene makolo adaika phazi lachiwiri.

Moto wa pa Kaphirintiwa

Nthano ya chiyambi chathu imatitengera ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, kumalire a Malawi ndi Mozambique. Akuluakulu amasimba kuti Chauta adatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, ndipo mapazi awo adadinda pathanthwe lomwe linali likadali lofewa. Onse ankakhala pamodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu adatenga timitengo tiwiri, kena kolimba kena kofewa, nayamba kupeka. Adachenjezedwa kuti aleke, koma sadamvere. Moto udabuka nugwira tchire. Galu ndi mbuzi zidathawira kwa munthu, pamene njovu, mkango ndi zinzake zidathawira kuthengo zili ndi mkwiyo. Nanzikambe adakwera mumtengo, ndipo kangaude adaluka ulusi umene Chauta adakwererapo kunka kumwamba. Kuchokera pamenepo munthu adayamba kufa.

Nthanoyi ili ndi zinthu zitatu zoyenera kuzigwira. Choyamba, Chauta adali pomwepo ndipo sadamugwire dzanja munthuyo. Chenjezo lidaperekedwa, koma timitengo tidatsala m'manja mwa mwini wake. Chachiwiri, chimene munthu adasankha chinali ndi mbali ziwiri. Moto womwewo umene udaotcha tchire ndi umene timaphikira nsima, kuotchera mbiya ndi kusulira makasu. Mphamvu yosankha siibwera yabwino yokhayokha, ndipo amene afuna kuichotsa kuti aletse choipa adzachotsanso chabwino. Chachitatu, zotsatira zake sizidagwere wopeka moto yekha. Zidagwera nyama, zidagwera ana ake, zidatigwera ife.

Nzeru yomweyi timaipeza m'mwambi wa mwana wolirira nyanga ya nsatsi. Akulu amati msemere, imufotere yekha m'manja. Kholo limadziwa kuti nsatsi siikhalitsa, komabe limasema, chifukwa pali maphunziro ena omwe munthu sangawalandire ndi khutu, koma ndi dzanja lake lomwe. Mwambiwu sunena za nyanga yomwe ingaphe mwana. Umanena kuti kulera munthu ndi kumupatsa malo oti asankhe, alakwe pazing'ono, kuti adzathe kusankha bwino pazikulu.

Umboni wa pabwalo

Amene afuna kudziwa chimene anthu amakhulupiriradi asamvere zonena zawo pamowa, koma akakhale pabwalo la milandu. Ng'ombe zikadya chimanga cha mnansi, nduna za mfumu sizifunsa kuti, "Kodi Chauta adalemba kuti chimangachi chidyedwe?" Zimafunsa kuti, "Mbusa adali kuti? Khola lidatsekedwa? Mwini ng'ombe adachenjezedwapo kale?" Munthu akatentha nyumba ya mnzake, funso loyamba ndi lakuti adachita dala kapena mwangozi. Mwana wamng'ono saweruzidwa ngati wamkulu. Wodwala misala saweruzidwa ngati wamutu wabwino. Wochita chinthu ataopsezedwa amamveredwa chifundo kuposa wochita atakhala pansi ndi kukonza. Koma woledzera amauzidwa kuti mowa sudadzithire wokha m'kamwa mwake.

Kusiyanitsa konseku kukadakhala kopusa ngati anthu onse akadangokankhidwa ngati masamba pamphepo. Bwalo limadziwa kuti ufulu wosankha ulipo, ndiponso kuti suli wofanana mwa anthu onse ndi nthawi zonse. Umakula ndi msinkhu, umachepa ndi matenda, njala ndi mantha. N'chifukwa chake mfumu yanzeru imayamba yayeza kukula kwa mpata umene wolakwayo adali nawo, isanayeze kukula kwa chindapusa.

Komanso wolakwa safika pabwalo yekha. Amabwera ndi nkhoswe yake, kawirikawiri atsibweni ake, ndipo mbumba yonse imasonkha kuti mbuzi ipezeke. Timati "nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu". Ena amaona ngati mwambo umenewu umafafaniza udindo wa munthu payekha. Ife tiona mosiyana. Mbumba imalipira, koma ikabwerera kumudzi imamukhazika pansi wolakwayo, ndipo aliyense amadziwa dzina la amene adadya nkhuyuzo.

Katswiri wa nzeru zakuya wa ku Malawi, malemu Didier Kaphagawani, yemwe ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, adalembapo za m'mene Achewa amamuonera munthu. Iye adakumbutsa kuti tikamati "uyu si munthu" sitikana kuti ali ndi mutu ndi miyendo, koma tikunena za khalidwe lake. Umunthu, tsono, si chinthu chomwe timangobadwa nacho basi monga khungu. Ndi chinthu chomwe munthu amachimanga kapena kuchigumula ndi zosankha zake. Miyambi yathu imagwira mbali zonse ziwiri. Umodzi umati "kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu". Wina umati "pagule fumbi ndiwe mwini". Ng'oma amakuimbira ndi ena, nyimbo amakuyambira ndi ena, bwalo adasesa ndi ena, koma phazi lopalasa fumbi ndi lako.

Pamene ufiti usanduka pobisalira

Pali malo amodzi pamene kukana udindo kwatipweteka kwambiri. Katswiri wina wa chikhalidwe cha anthu, Max Marwick, adakhala pakati pa Achewa a kwa Kawaza m'zaka za m'ma 1940 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1950, ndipo buku lake lonena za ufiti pakati pathu lidatuluka mu 1965. Iye adapeza kuti imfa ndi masoka ambiri ankanenedwa kuti adza ndi ufiti, ndipo kuti oganiziridwawo kawirikawiri sankakhala alendo, koma abale a bele limodzi omwe adali kale pamkangano wa chuma, wa udindo kapena wa utsogoleri wa mbumba. Kunena kwina, mlandu wa ufiti unkatulukira pamene chibale chidang'aluka kale.

Papita zaka zambiri, koma khalidweli silidathe. Mnyamata akalephera mayeso atatha chaka chonse osatsegula buku, akuti adamulodza ndi azakhali. Bambo akamwa ndalama za thonje kapena fodya n'kusowa feteleza, akuti mnansi adamukokera dzinthu. Mwana akamwalira ndi malungo chifukwa adachedwa naye kuchipatala cha St Francis kapena cha Nyanje, maso onse amatembenukira kwa agogo okalamba omwe alibe wowateteza. Munthu wotere wachita zoipa ziwiri. Wataya mphamvu yake yokonza zinthu, pakuti amene sadziwa pomwe adapunthwa adzapunthwanso pomwepo. Ndipo wasenzetsa mlandu wake munthu wosalakwa.

Lamulo la Zambia loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lilipo kuyambira 1914, koma lamulo lokha silichiza mtima. Chimene chimachiza ndi kulimba mtima kofunsa, tisanapite kwa wina aliyense woombeza, kuti, "Pa zimene zachitikazi, changa n'chiti?" Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mkangano womwewu kwa anzathu akutali

Tisaganize kuti funsoli lidativuta ife tokha. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko lomwe lero ndi Algeria, amene adamwalira m'chaka cha 430, adatsutsana ndi Pelagius pa nkhani yomweyi. Pelagius ankati munthu ali ndi mphamvu yosankha chabwino, pamene Augustine ankati mtima wa munthu udapindika kotero kuti sungawongoke popanda chisomo cha Mulungu. Mu 1524 Erasmus adalemba poteteza ufulu wa munthu wosankha, ndipo mu 1525 Martin Luther adamuyankha kuti kufuna kwa munthu n'komangidwa. Msonkhano wa ku Dordrecht wa 1618 mpaka 1619 udatsimikiza chiphunzitso chakuti Mulungu amasankhiratu anthu ake.

Mikangano imeneyi idafika mpaka kuno kwathu. Amishoni a Dutch Reformed, olowa m'chiphunzitso cha ku Dordrecht, adatsegula Magwero mu 1899 ndi Nyanje mu 1905, pamene ansembe a Chikatolika a White Fathers adakhazikika ku Kachebere mu 1903. Makolo athu adamva maulaliki osiyana pa za chisomo ndi ntchito za munthu. Komabe mipingo yonse iwiri inkaitana anthu kuti alape, ndipo palibe amene amaitana munthu kulapa ngati sakhulupirira kuti munthuyo angayankhe.

M'nthawi yathu funsoli lalowa m'manja mwa asayansi. Mu 1983 Benjamin Libet wa ku America adafalitsa zomwe adapeza poyeza ubongo wa anthu amene adauzidwa kugwedeza dzanja nthawi iliyonse yomwe afuna. Adaona kuti ubongo umayamba kukonzekera kanthawi kosakwana sekondi imodzi munthuyo asanazindikire kuti wafuna kugwedeza. Ena adathamangira kunena kuti ufulu wosankha ndi bodza. Asayansi ena pambuyo pake adatsutsa kamasuliridwe kameneka. Ife tingowonjezapo kuti kugwedeza chala si chimodzimodzi ndi kusankha mkazi, kukhululukira m'bale kapena kubweza ngongole. Zosankha zomwe zimamanga munthu zimaphikidwa masiku ambiri, pofunsa kwa atsibweni, pogona osapeza tulo, pokumbukira malango. Wanzeru wina wa ku Germany, Immanuel Kant, adaphunzitsa kuti mfulu si amene amatsata chilakolako chilichonse chomwe chamugwira, koma amene amadzilamulira yekha ndi lamulo lomwe nzeru zake zalivomereza. Anamkungwi athu sadawerenge Kant, koma ponena kuti "munthu azidzigwira" ankaloza komweko.

Chitsanzo cha pampando uno

Mbiri ya mwambo umene tasonkhanirawu ndi umboni wakuti njira yolambulidwa ndi ena ikhoza kukanidwa. Mu 1934 boma la atsamunda lidaletsa Kulamba, ndipo kwa zaka 50 mafumu sadasonkhane monga tachitira lero. Ambiri akadatha kunena kuti zidatha, nthawi yake idapita.

Kalonga Gawa Undi X, Chivunga Phiri, adalowa ufumu mu 1953, chaka chomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa. Masiku amenewo mfumu inkalandira malipiro kuchokera ku boma la atsamunda, ndipo bwanamkubwa adali ndi mphamvu yoichotsa pampando. Njira yosavuta inali kukhala chete. Iwo adasankha kutsutsa chitaganyacho ndi kuima pamodzi ndi omenyera ufulu wa dziko, podziwa bwino lomwe chimene akadataya. Chitaganya chidatha kumapeto kwa 1963. Mu 1984 Kalonga yemweyo adautsanso Kulamba, ndipo adalamulira mpaka kumwalira kwawo mu 2004. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza Gule Wamkulu, amene kale ankanyozedwa ndi kuletsedwa, kukhala chimodzi mwa chuma chamtengo wapatali cha anthu a dziko lonse lapansi. Mu 2007 atsogoleri a maiko atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, adakhala pamodzi pabwalo lino.

Kalonga sadasankhe kubadwa m'nthawi ya atsamunda, ndiponso sadasankhe malire omwe adadula anthu awo patatu. Adasankha chochita ndi zomwe adazipeza. Akulu adati "ukaipa dziwa nyimbo". Nkhope sudzisankhira, koma nyimbo umaphunzira.

Maina a mpandowu nawo ali ndi phunziro. Kalonga ndi wolonga mafumu, Gawa ndi wogawa dziko, Undi ndi wofungatira anthu ake. Wogawa munda sabwera kudzakugwirira khasu. Amakupatsa malo, malire ndi chitetezo, ndipo zotsalazo ndi zako.

Ufulu wa ana athu

Tsopano tifike pamene nkhaniyi ikutikhudza kwambiri. Ngati ufulu wosankha umakula kapena kuchepa monga bwalo limadziwira, ndiye kuti ife akuluakulu tili ndi mphamvu youkulitsa kapena kuupha mwa ana athu.

Mtsikana wa zaka 14 akauzidwa ndi amake, atsibweni ake ndi agogo ake kuti mwamuna wapezeka, ndipo iye n'kuweramitsa mutu osayankha, timati wavomera. Kodi wavomeradi? Sadziwa njira ina, alibe kothawira, ndipo adaphunzitsidwa kuti kukana akulu ndi mwano. Kukhala chete kwa munthu wopanda mpata wokana si kuvomera. Mnyamata wa zaka 9 akaperekedwa kukaweta ng'ombe za wina kwa zaka zingapo kuti adzalandire mwana wa ng'ombe, monga zakhala zikuchitikira m'midzi ya Katete ndi Sinda, amabwerako ndi ng'ombe koma osadziwa kulemba dzina lake. Akadzakula n'kumasainira ndi chala pepala lomwe sangathe kuwerenga, tidzati ndi tsoka lake. Si tsoka ayi. Ndi chigamulo chomwe tidamupangira ife.

Maboma athu ayankhulapo. Malawi adasintha malamulo ake aakulu mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Mozambique idakhazikitsa lamulo lotero mu 2019, ndipo Zambia mu 2023 idaika msinkhu womwewo pa maukwati onse, ndi a mwambo omwe. Kuyambira 1997 mtsikana wa ku Zambia amene watenga pathupi amaloledwa kubwerera ku sukulu akabereka, ndipo mu 2022 boma lidachotsa malipiro m'sukulu zake mpaka kusekondale. Ambuye Kalonga Gawa Undi amene tikuwalamba lero adaletsa poyera miyambo ya fisi, chokolo ndi chidyerano, ndipo akhala akulamula kuti mwana asachotsedwe m'kalasi chifukwa cha chinamwali, gule kapena ubusa.

Alipo amene amadandaula kuti potero mwambo ukuphedwa. Tiwayankhe mwaulemu. Mwambo udapangidwa ndi anthu omwe adakhala pansi, naona mavuto a nthawi yawo, nasankha. Ife tikakhala pansi, n'kuona mavuto a nthawi yathu, monga matenda a Edzi omwe adatha midzi, n'kusankha kusiya chimene chikupha ndi kusunga chimene chikumanga, tikuchita zomwezo zomwe makolo adachita. Chinamwali chophunzitsa ulemu, ukhondo, kudzigwira ndi kulemekeza akulu chimakulitsa ufulu wa mtsikana, pakuti chimamupatsa nzeru zosankhira. Chimene chimamukankhira kwa mwamuna asanakhwime chimamubwezera ku ukapolo umene makolo adaulira.

Kwa inu achinyamata tinenanso mosabisa. Ufulu si kunyoza malango. Safunsa adadya phula. Amene akana kumva chilichonse cha akulu sakhala mfulu, amangosintha mbuye: dzulo ankalamulidwa ndi atsibweni, lero akulamulidwa ndi anzake a kumowa, ndi njuga za pafoni, ndi chilichonse chomwe waona pa Facebook. Mverani, funsani chifukwa chake, yezani, kenaka sankhani, ndipo chomwe mwasankhacho muchisenze osaloza wina chala.

Mawu otsiriza

Ambuye Kalonga, mafumu ndi alendo athu, mkangano wa anthu anzeru pa nkhaniyi sudzatha lero, ndipo sitinganene kuti taumaliza. Koma chimene makolo adatisiyira n'chokwanira kuyendera. Pali zimene munthu sasankha: mimba yomwe adabadwamo, dziko, mvula, tsiku la imfa. Pa zimenezi tizichitirana chifundo, ndipo tisamuweruze wosauka ngati kuti umphawi adaupempha. Pali zimene munthu amasankha: mawu a pakamwa pake, ntchito ya manja ake, chimene achita ndi mwana yemwe wapatsidwa kuti alere. Pa zimenezi tisabisale kumbuyo kwa Chauta, kwa mizimu kapena kwa afiti.

Tikupempha mafumu kuti pabwalo apitirize kuyeza mpata umene wolakwa adali nawo, ndipo akane milandu yotchulana ufiti. Tikupempha eni mbumba kuti asanagamule za mwana wa mlongo wawo, ayambe amufunsa mwanayo, namupatsa malo oti akane popanda mantha. Tikupempha anamkungwi ndi akulu a kudambwe kuti nthawi ya sukulu ikhale ya sukulu. Tikupempha makolo kuti ng'ombe ziwetedwe ndi akulu pamene ana ali m'kalasi. Kuwongola mtengo n'poyamba, ndipo mwana amene sadaloledwe kusankha kanthu ali wamng'ono sadzadziwa kusankha mfumu, phungu kapena mtsogoleri wa dziko akadzakula.

 Chauta, Namalenga, akuyendetseni bwino pobwerera kwanu, mukapeze ana ndi ziweto zili bwino, ndipo mvula ya chaka chino ikagwe yokoma m'minda yanu.



Yooo Gawa!